PAKHOMO PA MKRISTU: Mbatatesi za Cimwenye pa Lacisanu la m'Lenti

Mwezi uno nkhani yathu icokera ku khichini, ndipo ena mudzadabwa kuona mphunzitsi wa katekisimu akulowerera za mthiko ndi cipande. Dekhani mtima, pakuti funso limene latifikitsa kumeneko linabadwira m'chalichi.

Tsiku lina la Mulungu, Lenti iri pafupi, tinali kufotokozera akristu a mphakati wina za lamulo la kusala nyama. Titatsiriza, mai wina wacikulire anaimirira nati: "Aphunzitsi, inu mukuti tisale nyama pa Lacisanu. Nanga ife amene nyama timaiona pa Krisimasi ndi pa ukwati pokha, tisale ciani?" Anthu anaseka, koma mai uja sanaseke. Asanakhale pansi, mai wina wacitsikana anaonjeza kuti kwao vuto ndi lina. "Abambo a kunyumba kwathu amati masamba si ndiwo, ndi cakudya ca mbuzi. Likafika Lacisanu abwera ndi nsomba yaikulu ya mtengo woposa nkhuku, ndi kunena kuti tasala." Apa amuna onse anawerama, ndipo ifenso tinawerama nao, popeza mlandu umenewu unatikhudza.

Mafunso awiriwa tayenda nao masiku ambiri. Tifuna kuwayankha lero, ndipo tidzadzera njira ya ku India, dziko limene anthu ake ambirimbiri amakhala moyo wao wonse osalawa nyama, koma osadandaula kuti adya nsima yopanda ndiwo.

Cimene Eklezia atipempha

Tiyambe takumbutsana lamulo lenileni. Buku la malamulo a Eklezia la mu 1983 linena kuti akristu asale nyama pa Lacisanu, kapena cakudya cina cimene Aepiskopi a dzikolo asankha, ndipo kuti pa Lacitatu la Phulusa ndi pa Lacisanu Loyera asale nyama ndi kupunguzanso zakudya. Kusala nyama kukhudza onse amene akwanitsa zaka 14. Kupunguza zakudya kukhudza amene akwanitsa zaka 18 kufikira atatsiriza zaka 59. Odwala sakakamizidwa. Lamulo lomwelo lipatsa Aepiskopi mphamvu yoika nchito za cifundo ndi mapemphero m'malo mwa kusala, monga Papa Paulo VI anali atafotokozera kale mu 1966.

Tsono cimene Eklezia afuna ndico kuti thupi limve kuti lamanidwa kanthu cifukwa ca Ambuye Yezu amene anatifera pa Lacisanu, ndi kuti cimene tadzimanaco cifike kwa mnzathu wosowa. Munthu amene aleka nkhuku nagula nsomba yodula sanaswe lamulo, koma mtima wa lamulo wautaya. Amai ake aja anali ndi cifukwa codandaulira. Komabe mwamunayo sitimuweruza msanga, pakuti tonse tinakula tikumva kuti ndiwo zenizeni ndi za magazi, ndipo kuti masamba ndi cizindikiro ca umphawi. Maganizo amenewa ndi amene tiyenera kulimbana nao.

M'mene tinacitira manyazi

Zaka zambiri zapitazo tinali pa ubwenzi ndi mphunzitsi wina wa masamu wocokera ku Gujarat, cigao ca kumadzulo kwa India. Anali Mhindu. Mwana wathu wamkulu anali m'kalasi mwake, ndipo tsiku lina anatiitana ife ndi amai a kunyumba kuti tikadye nao cakudya ca madzulo. Tinavala za pa Sande, ndipo m'njira tinali kuuzana kuti lero nkhuku yafa, pakuti kwathu mlendo wolemekezeka amamugwirira nkhuku.

Titakhala pa tebulo, akazi ake anabwera ndi timbale tambiri. M'kena munali mbatatesi zacikasu, m'kena mbatatesi za msuzi wa matimati, m'kena nandolo wopera wophikidwa ngati cipere, pambali pake mpunga ndi timikate topyapyala timene amaticha rotli. Tinayang'ana ku khomo la ku khichini kudikira mbale ya nyama, koma siinabwere. Mumtima tinati anthu awa atipeputsa. Atiyesa anchito ao. Tinapemphera ndi nkhope yolimba, ndipo tinayamba kudya mwa ulemu cabe.

Sitinadziwe kuti mbale inatha nthawi yanji. Amai a kunyumba, amene sacita manyazi pa zophika, anafunsa kuti: "Mama, mwaikamo ciani umu? Mbatatesi zomwezi timagula pa msika umodzi, koma zanga sizimveka cotere." Mai uja anaseka, natiuza kuti iye cibadwire sanadyepo nyama, nsomba kapena dzira, ndipo kuti anaimirira pa moto kuyambira masana kuti atikonzere zimene kwao amakonzera mlendo wa ulemu. Manyazi anatigwira. Tinali titamuweruza ndi muyeso wa kwathu, pamene iye anali atatipatsa zabwino koposa za kwao. Akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Sabata yotsatira amai a kunyumba anapita kukakhala naye ku khichini, ndipo zimene tilemba pansipa zinayambira kumeneko.

Ulendo wa mbatatesi

Mwina mudzadabwa kumva kuti mbatatesi, zimene ena amazicha kacewere, si mbeu ya ku India, ndiponso si ya ku Ireland ngakhale pa Cingerezi zichedwa ndi dzina la dzikolo. Kwao kweni kweni ndi ku mapiri a Andes, ku Peru ndi ku Bolivia, kumene anthu anazilima kwa zaka zikwi zambiri. Aspanya anazitengera ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500. Apwitikizi, amene anafika ku India ndi Vasco da Gama mu 1498 nalanda Goa mu 1510, ndiwo anazifikitsa ku gombe la kumadzulo kwa India m'zaka za m'ma 1600. Tsabola ndi matimati nazonso zinacokera ku America. Lero India ndi dziko laciwiri pa dziko lonse lapansi pa ulimi wa mbatatesi, kutsatira China.

M'cinenero ca Hindi mbatatesi amati aloo, koma ku Mumbai amati batata ndipo ku Gujarat amati bateta, potsata mau a Cipwitikizi. Mau athu akuti mbatata anacokeranso komweko, pakuti Apwitikizi omwewo anakwera ndi mtsinje wa Zambezi kufika ku Sena ndi ku Tete. Kotero ife ndi Amwenye tinalandira dzina limodzi kwa mlendo mmodzi. Amwenye oyamba kukhazikika m'dziko lathu anafika ku Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, mu 1905, ndipo ambiri a iwo anali a ku Gujarat komweko. Takhala nao zaka zoposa 100, tagula nsaru ndi mabulangete m'masitolo ao, tadya samusa zao, koma ndi owerengeka a ife amene anafunsapo m'mene amaphikira kunyumba.

Zokometsera zofunika

Musaope kuti mufunika kabati yodzaza ndi mabotolo. Zinthu zinai zikwanira poyamba, ndipo paketi yaing'ono ya ciri conse ikhala miyezi ingapo. Zipezeka m'masitolo a Amwenye monga a ku Kamwala mu Lusaka ndi a ku Down Shops ku Chipata, ndiponso m'masitolo akuluakulu.

Coyamba ndi timbeu ta jira, totalika pang'ono, tofiirira, ta fungo lamphamvu. Timeneti ndi timene Ambuye anachula pa Mateyo 23:23 podzudzula Afarisi amene ankapereka cakhumi ca tinthu ta m'dimba naiwala cilungamo ndi cifundo. Omasulira Buku Lopatulika anaika mau akuti citowe pamenepo, koma citowe ca kumudzi kwathu ndi mbeu ina. Mukapita ku sitolo nenani kuti jira. Caciwiri ndi njere za mpiru, zimene Amwenye amazicha rai. Izi simufunika kugula ngati muli ndi dimba. Siyani mitengo iwiri kapena itatu ya mpiru icite maluwa, nyemba zake ziume, mupunthe ndi kupeta. Kambeu kamene Ambuye anafanizira Ufumu wa Mulungu kali kuseri kwa nyumba zathu, ndipo ife tadya masamba ake okha osadziwa kuti njere zake ndi ndiwo. Cacitatu ndi tameriki, ufa wacikasu umene iwo amaucha haldi. Cacinai ndi ufa wa njere za danya. Zotsalazo muli nazo kale: anyezi, adyo, jinja, tsabola, matimati, mandimu, mcere ndi saladi.

Cinsinsi ciri m'mafuta

Ife tikamaphika timayamba ndi anyezi ndi matimati, ndipo tikakhala ndi ufa wa kare timauwaza pamwamba pa msuzi. Amwenye amayamba ndi njere m'mafuta otentha. Ku Gujarat mcitidwe umenewu amaucha vaghar, kumpoto kwa India amati tadka. Cifukwa cake ndi cakuti fungo la njerezi limasungunuka m'mafuta koposa m'madzi. Likalowa m'mafuta, mafutawo amalifikitsa pa cidutswa ciri conse ca mbatatesi.

Mafuta atenthe koma asafuke utsi. Ponyanimo njere imodzi ya mpiru. Ikathetheka, mafuta akonzeka. Mpiru ulowe coyamba, ndipo vundikirani pang'ono popeza umalumpha. Ukaleka kuthetheka ikani jira, amene afuna kamphindi kocepa cabe, monga nthawi yonena Tikuoneni Maria kamodzi. Akafiira pang'ono ndi kununkhira, thiranimo msanga cotsatira kuti moto wa mafuta utsike. Zonse zikhale zodulidwa kale pambali panu musanaike mphika pa mbaula.

Tikucenjezani cifukwa ife tinapsa nazo. Tsiku lina amai a kunyumba atapita ku msonkhano wa amai a cigwirizano, tinati tiwadabwitse. Tinaika jira m'mafuta, ndi kuyamba kufunafuna mpeni wodulira anyezi. Pobwerera njere zinali zakuda bii. Tinati palibe kanthu, tinapitiriza, ndipo poona kuti tameriki ndi wokongola tinathira masupuni awiri akulu. Ndiwo zinatuluka zowawa ngati kwinini, ndipo ana anadya nsima ndi mcere akuseka cobisa. Jira akapserera, tayani mafutawo ndi kuyambanso. Ndi bwino kutaya masupuni atatu a saladi kusiyana ndi kutaya mphika wonse. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Mbatatesi za jira

Izi ndi zimene Amwenye amazicha jeera aloo, ndipo ndizo zapafupi koposa. Tengani mbatatesi 6 zapakati, muzitsuke, muziphike ndi makungu ake m'madzi a mcere kwa mphindi ngati 20, kufikira mpeni ulowa mosavuta koma zisanaphwanyike. Zikazirala zisendeni ndi kuzidula zidutswa zonga cala cacikulu. Zotsala za dzulo zimacita bwino koposa, cifukwa zozizira sizinyenyeka.

Tenthetsani masupuni akulu 3 a saladi. Ikani kasupuni ka tiyi kodzaza ka jira. Akanunkhira ikani tsabola wamuwisi mmodzi wong'amba pakati ndi jinja wosinja wocuruka ngati nsonga ya cala. Takasani kamodzi, onjezani theka la kasupuni ka tameriki, ndipo nthawi yomweyo thiranimo mbatatesi ndi mcere. Tembenuzani mofatsa kuti zonse zivale cikasu, ndi kuzisiya pa moto wocepa mphindi 5 kapena 7 kuti zicite kakhungu kofiira pansi. Mukaphula finyiranimo theka la ndimu, ndi kuwaza masamba a danya ngati alipo. Izi ziribe msuzi, kotero zimayenda bwino ndi mpunga ndi nyemba, kapena ndi buledi. Ana angatenge ku sukulu.

Mbatatesi za msuzi

Pa nsima pafunika msuzi, ndipo Amwenye a ku Gujarat ali ndi ndiwo yoyenera imene amaicha bateta nu shaak. Sendani mbatatesi 5 zaziwisi ndi kuzidula tizidutswa tofanana kuti zipsere pamodzi. M'masupuni akulu 3 a saladi ikani kasupuni 1 ka njere za mpiru, kenaka theka la kasupuni ka jira. Onjezani anyezi mmodzi wodula bwino, ndipo akafewa ikani adyo ndi jinja wosinja. Tsatizani matimati 3 akupsa, theka la kasupuni ka tameriki, timasupuni 2 ta ufa wa danya, tsabola monga banja lanu likondera, ndi mcere. Phikani mpaka matimati asungunuka ndipo mafuta ayamba kuoneka m'mbali mwa mphika. Cizindikiro cimeneci musacidumphe, pakuti ndico cionetsa kuti zokometsera zapsa ndipo sizidzamveka zaziwisi.

Tsopano ikani mbatatesi, zitembenuzeni mu msuziwo, thirani makapu 2 a madzi otentha, vundikirani, ndipo ziwire pang'onopang'ono mphindi 15 kapena 20. Zikapsa phwanyani zidutswa zitatu kapena zinai ndi mthiko kuti msuzi ulimbe. Anthu a ku Gujarat amakonda kuonjeza kasuga pang'ono ndi madzi a ndimu kuti kutsekemera ndi kuwawasa zikumane. Yesani, mudzasankha nokha. Mabanja ambiri a kumeneko saika anyezi ndi adyo konse, ndipo ndiwo imakomabe. Taonaninso ubwino wina: nyemba zimatha makala a maola awiri kapena atatu, pamene ndiwo iyi ipsa pasanathe theka la ola. Amene tinapirira cilala ca mu 2024, pamene cimanga cinapserera m'minda ndipo magetsi anali kuzima usana ndi usiku cifukwa ca kucepa kwa madzi ku Kariba, tidziwa mtengo wa thumba la makala.

Mbatatesi ndi za m'dimba

Njira yomweyi ilandira ciri conse ca m'dimba. Amwenye amaphika mbatatesi ndi sipinachi, ndi kabici, ndi mabiringanya, ndipo ngakhale bonongwe amene ife timamuyesa ndiwo ya pa njala kwao ndi ndiwo yogulitsidwa pa msika. Ngati mufuna za masamba, dulani mbatatesi 3 tating'onoting'ono, muzikazinge m'mafuta a jira ndi adyo pamodzi ndi tameriki, muthire madzi pang'ono ndi kuvundikira. Zikatsala pang'ono kupsa, ikani manja awiri odzaza a bonongwe, repu kapena mpiru wodula, ndi mcere, ndipo muphike mphindi 5 cabe kuti masamba asataye mtundu wao. Soda musaikemo. Ngati ndi mabiringanya, aduleni mofanana ndi mbatatesi ndi kuziika pamodzi mu msuzi wa matimati uja, koma cepetsani madzi kufika kapu imodzi.

Ndiwo ya tsiku losala

Ahindu nao ali ndi masiku osala, monga Ekadashi imene imabwera kawiri pa mwezi, ndi masiku 9 a Navratri. Pa masiku amenewa ambiri amaleka mpunga, tirigu, anyezi ndi adyo, koma mbatatesi ndi nsawa zimaloledwa. Ku Gujarat ndi ku Maharashtra amaphika ndiwo imene ife a kum'mawa tidzaizindikira msanga, pakuti ndi yotendera. Kazingani theka la kapu ya nsawa, mufikise makoko, musinje mu mtondo koma zisasalale ngati nsinjiro ya m'cibwabwa, zikhale zamiyalamiyala. Phikani mbatatesi monga tanenera pa za jira, popanda tameriki, ndipo musanaphule thiranimo nsawa zija ndi kutakasa mphindi 2. Tsirizani ndi ndimu. Mwa zonse zimene talemba, iyi ndiyo imene ana athu amapempha kawirikawiri, ndipo ndiyo yopatsa thanzi koposa.

Macenjezo atatu

Coyamba, mbatatesi zimene zabiriwira kapena zaphuka ziri ndi ululu wochedwa solanine, umene sutha ndi kuphika ndipo umadwalitsa m'mimba. Dulani ndi kutaya mbali yobiriwira ndi mphukira zonse. Ngati yabiriwira kwambiri kapena imveka yowawa, tayani yonse. Sungani mbatatesi pa malo a mdima, ozizira ndi opita mphepo. Caciwiri, mbatatesi ziri ndi vitamini C ndi potaziyamu, koma zomanga thupi ziri nazo zocepa. Amwenye sadya mbatatesi zokha. Pambali pamakhala nandolo, mphodza kapena mkaka wowawasa. Inunso ikani nyemba, khobwe, soya kapena nsawa pa cakudya ca tsikulo, makamaka kwa ana ndi amai oyembekezera. Cacitatu, mbatatesi ndi nsima zonse ndi zokhutitsa za mtundu umodzi, kotero amene ali ndi matenda a suga acepetse mtanda wa nsima pa tsiku la ndiwo zimenezi, nacurutse masamba.

Kodi sitikutsata cipembedzo ca eni?

Tidziwa kuti wina adzafunsa comweco. Iai, abale. Ahindu ambiri saleka nyama pa cifukwa cathu. Iwo amatsata ciphunzitso ca kusapweteka camoyo ciri conse. A cipembedzo ca Jain amapitirira pamenepo, osadya ngakhale mbatatesi, anyezi ndi adyo, poopa kupha tizilombo ta m'nthaka pozula. Ife tikhulupirira kuti Mulungu anatilola kudya nyama, ndipo timaisala masiku owerengeka cifukwa ca kulapa. Koma Msonkhano Waciwiri wa ku Vatican, mu 1965, unatiphunzitsa kuti Eklezia sakana cimene ciri coona ndi coyera m'zipembedzo zina, ndipo unachula Ahindu ndi dzina. Kuphunzira kudziletsa kwa mnansi si kutaya cikhulupiriro. Tisaiwalenso kuti ku India kuli akristu anzathu mamiliyoni ambiri. A ku Kerala amasunga mwambo wakuti Tomasi Woyera mtumwi ndiye anawalalikira, ndipo ambiri a iwo amasala nyama ndi nsomba yomwe Lenti yonse. Fransisko Xavier Woyera anafika ku Goa mu 1542. Lero ansembe ndi asisteri ocokera ku India akutumikira m'maparishi, m'masukulu ndi m'zipatala za dziko lathu.

M'Malembo Oyera, Danieli ndi anzake atatu anakana zakudya za pa tebulo la mfumu ya ku Babulo, napempha zamasamba ndi madzi kwa masiku 10, ndipo anaoneka athanzi kuposa anzao. Benedikto Woyera analamula amonke ake kuti asadye nyama ya miyendo inai, kupatula odwala. Kuno kwathu Pulezidenti woyamba, malemu Dr Kenneth Kaunda, anayamba kuleka nyama pa nthawi ya atsamunda pokana tsankho la m'mabuchala, kumene munthu wakuda ankagulira pa kazenera, ndipo anakhala ndi moyo zaka 97 kufikira mu 2021. Mwamuna amene anena kuti masamba ndi cakudya ca mbuzi alingalire za amuna amenewa.

Yankho kwa amai awiri aja

Kwa inu mai wacitsikana tikuti, phikani mbatatesi za msuzi pa Lacisanu likudzali, muike pa mphasa popanda kukangana. Ndipo kwa abambo a kunyumba kwanu, pamodzi ndi ife amuna tonse, tikuti ndalama ya nsomba yodula ija isabwerere m'thumba, ndiponso isapite ku mowa. Ikani kacitini pafupi ndi mtanda wa m'nyumba, ndipo Lacisanu liri lonse muponyemo kusiyana kwa mtengo wa nsomba ndi wa mbatatesi, ana akuona. Pofika Sabata Loyera tsegulani, mugule ufa, sopo kapena saladi, mupereke kwa wamasiye wa mu mphakati mwanu kapena ku bungwe la Vinsenti wa Paulo Woyera. Mneneri Yesaya pa mutu 58 anena momveka kuti kusala kokondweretsa Mulungu kumaonekera pa mbale ya wanjala. Makolo athu ananena zomwezo m'mau awiri, kupatsa nkuika.

Kwa inu amai athu acikulire, amene munafunsa kuti musale ciani, tikuyankhani ndi ulemu waukulu. Mulungu safuna kwa inu nyama imene mulibe. Kusowa kwanu kwa tsiku ndi tsiku, mukakupereka kwa Iye pamodzi ndi masautso a Mwana wake, ndi nsembe yoposa yathu. Ngati mufuna kuonjezapo, salani mau owawa, pitani ku Njira ya Mtanda, kaoneni wodwala. Ndipo funso lanu latitsutsa ife amene tiri nako kanthu, pakuti ngati mu mphakati muli munthu amene aona nyama kawiri pa caka, kacitini kaja kali ndi kopita kale.

Tipempha amai a m'mabungwe kuti pa msonkhano umodzi wa m'Lenti asonkhe mbatatesi, abwere ndi mbaula, ayesere pamodzi ndiwo zimenezi, ndipo aitane anyamata ndi abambo kuti adzasende. Ngati muli ndi mnansi wa Cimwenye kapena asisteri a ku India pa parishi yanu, apempheni adzakuonetseni ndi manja ao, pakuti zimene maso aona zimaposa zimene talemba. Mutilembere kudzera kwa akonzi kutiuza m'mene zakuyenderani, ngakhale jira atapserera.

Ambuye adalitse miphika yanu ndi manja amene aphika, ndipo atifikitse tonse ku cimwemwe ca Pasaka.